Makina a BP, wotchi kapena kansalu kopuma: chiti chidzakuuzani zoona za thupi lanu?

October wina amayi anga anabwerera kuchokera kuchipatala atamatidwa timawaya pachifuwa, kabokosi kakulendewera m'chiuno. Mtima wawo unkadumphadumpha usiku, ndiye adokotala anawaveka makina otchedwa Holter kuti ajambule kagundidwe kake kwa maola 48. Lamulo linali lakuti asasambe. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya ku Chilenje ku Lusaka mu October, malaiti atapita, fani itangoti duu, akudziwa kulemera kwa lamulo limeneli. Pofika m'mawa wachiwiri thukuta linali litalowa kunsi kwa timapulasitala, tiwiri tinali titamatuka, ndipo titachotsa tonse panatsala timabwalo tofiira tomwe tinayabwa sabata yathunthu.

"Mwanawe," anatero akudzikanda, "matendawo ndinkagona nawo bwinobwino. Makina awa ndiye ayi."

Nkhani itafika pagulu la WhatsApp la banja, aliyense anasanduka dokotala. Alongo anga a ku Johannesburg anatumiza wotchi yoyeza mtima. Amalume a ku Chipata anafunsa za kachigamba ka shuga komata pamkono. Mng'ono wanga, yemwe akuphunzira za uinjiniya, anaponya chithunzi cha kaukonde kagolide komatidwa pachala, n'kulemba kuti tsogolo ndi limeneli. Popeza ine ndi amene ndimakhala nawo pafupi amayi, ntchito yosankha inagwera ine, ndipo ndinathera miyezi ndikuwerenga ndi kufunsa anamwino. Chimene ndinapeza n'chakuti chipangizo chilichonse chokhala pathupi chili ndi milandu iwiri yoti chiyankhe. Woyamba, khungu lichilole. Wachiwiri, nambala yomwe chikupereka ikhale yoti dokotala angasinthire mankhwala. Ogulitsa amakonda kukamba za mlandu umodzi n'kubisa winawo.

Kansalu ka mng'ono wanga

Ndiyambire pa chimene simungagule, chifukwa ndicho chikulongosola vuto la zina zonse.

Khungu limatulutsa chinyezi nthawi zonse, ngakhale mu June pamene simukuona thukuta. Mukaliphimba ndi pulasitiki kapena labala, chinyezicho chimasowa kolowera. Khungu limafewa n'kuyera monga zala za munthu amene wachapa zovala m'mawa wonse, guluu amayamba kulidya, kenako kuyabwa, kenako zidzolo. Makina nawonso amavutika: thukuta likatukula pulasitala, kapena mafuta onanda a kunsi kwake akauma, mizere ya mtima imatuluka yosokonekera.

Akatswiri ena anaganiza zopanga chomata chokhala ndi mabowo ambirimbiri, choti mpweya ndi thukuta zizidutsa. Amachiluka ndi ulusi wotchedwa nanofiber. Njira yake, electrospinning, si yatsopano: Anton Formhals anailembetsa kale mu 1934. Amasungunula pulasitiki wa mtundu wina kukhala madzi onanda, amawathira m'jekeseni, n'kulumikiza singano yake ku magetsi a ma volt masauzande ambiri. Magetsiwo amakoka kadontho ka kunsonga kukhala kaulusi, monga delele amatalikira mukamukweza ndi mbamu ya nsima, ndipo kaulusiko kamauma kali m'malere n'kugwera pa mbale yachitsulo. Tikawunjikana timapanga kansalu. Ulusi umodzi ndi wopyapyala kuposa tsitsi la munthu kambirimbiri, kupitirira ka 100.

Mu 2017 gulu la Takao Someya la ku University of Tokyo linasonyeza chinthu chimene ndimachiganizirabe. Analuka ukonde ndi pulasitiki wosungunuka m'madzi wotchedwa PVA, n'kuupaka golide wopyapyala. Ukauika pakhungu n'kuwazapo madzi pang'ono, pulasitiki uja amasungunuka, kutsala ukonde wa golide wokhawokha, womata popanda guluu, wotsatira mizere ya chala ndi timabowo ta thukuta. Anthu 20 anauvala pamkono kwa sabata imodzi ndipo khungu silinatupe kapena kufiira. Anagwiritsanso ntchito ukondewo kujambula timagetsi ta m'minofu, ndipo zotsatira zake zinafanana ndi za timapulasitala ta masiku onse, tomwe tinawazunza amayi tija. Mu 2020 gulu lomweli linapanga kena komata pansonga ya chala, koyeza mphamvu imene munthu akugwirira chinthu, kopyapyala moti sikasokoneza mmene chala chimamvera.

Mlandu wa khungu ndiye wayankhidwa bwino. Koma ukonde pawokha suwerenga kanthu. Umafuna batire, kabokosi kosintha timagetsi kukhala manambala, ndi njira yotumizira ku foni, ndipo zonsezi n'zolimba. Polumikizana chofewa ndi cholimba ndi pamene pamaduka. Chinthu chopyapyala chotero chimanyotsokanso chikakhudzana ndi malaya kapena chinkhupule chosambira. Kuonjezera apo, anthu 20 kwa sabata imodzi ndi chiyambi chabe cha ulendo wofika pa shelefu ya famase. Choncho wina akakuimitsani mu town ndi chibangili cholembedwa kuti "nano" n'kunena kuti chimayeza kapena kuchiza BP, dziwani kuti wangobwereka liwu.

Chinandidabwitsa n'chakuti Lusaka siili kutali ndi nkhaniyi. John Rogers, yemwe gulu lake linasonyeza mu 2011 zipangizo zomata pakhungu ngati chidindo ndipo tsopano ali ku Northwestern University, anagwira ntchito ndi madokotala a University of North Carolina ndi a kuno kuyesa timasensa tofewa topanda mawaya pa amayi oyembekezera. Anayesa ku Chicago ndi ku Lusaka, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2021. Timasensato sitinali ta nanofiber, tinali tokutidwa ndi labala wofewa, koma cholinga n'chimodzi: kuyeza mtima wa mayi, mpweya wa m'magazi, mtima wa mwana ndi kukoka kwa chiberekero, mayi ali womasuka kutembenuka kapena kuyenda, manambala akupita pa foni. Ine ndikuona kuti kansalu kopuma kadzayambira kumeneko, ku wadi ya amayi ndi ya ana obadwa masiku asanakwane, amene khungu lawo limasupuka pomatula pulasitala. Kudzafika m'manja mwa amayi anga ku Chilenje kudzakhala pambuyo.

Holter ndi abale ake

Ngakhale anawayabwa, Holter anagwira ntchito yake, ndipo kwa munthu amene mtima ukudumphadumpha kapena amene amakomoka popanda chifukwa chodziwika, ndiyo njira yoti dokotala aiwerenge n'kuikhulupirira. Simugula, amakuvekani kuchipatala. Kunja kuli timapulasitala ta mtima tovala mpaka masiku 14, monga Zio, tomwe munthu amasamba nato, koma guluu ndi guluu basi. Chimene mungachite n'kuuza namwino asanakumateni ngati khungu lanu limadana ndi pulasitala, kumeta cheya cha pachifuwa, ndi kusadzola mafuta tsiku limenelo.

Wotchi ya alongo anga

Tembenuzani wotchi yoyeza mtima, mudzaona kuwala kobiriwira kukuphethira. Magazi amamwa kuwalako, ndipo popeza amachuluka ndi kuchepa pa kugunda kulikonse, wotchi imawerenga kuthamanga kwa mtima. Munthu atakhala phee, mawotchi abwino amalondola. Mkono ukamagwedezeka, posinja, pochapa, kapena m'minibasi ya ku Kanyama nthawi ya dzinja, manambala amasochera.

Mawotchi okwera mtengo ali ndi china. Kuyambira pa Apple Watch Series 4 mu 2018, munthu amatha kugwira kabatani ndi chala n'kujambula ECG, mizere yosonyeza kagundidwe ka mtima. Kafukufuku wa ku Stanford University ku America wosindikizidwa mu 2019, wa anthu oposa 419,000, anasonyeza kuti wotchi itha kuchenjeza za kagundidwe kosalongosoka kotchedwa atrial fibrillation, komwe kamabweretsa sitiroko. Izi n'zenizeni. Koma wotchi imaona mtima kuchokera mbali imodzi, pamene makina a kuchipatala amauona kuchokera mbali 12, ndipo a Apple eni ake amanena kuti siizindikira mtima ukamafa chifukwa cha mtsempha wotsekeka. Chifuwa chikathina, thukuta lozizira likutuluka, musayambe kufunsa wotchi, funani galimoto. Funsaninso musanagule ngati mbali ya ECG ndi yotsegulidwa kuno, chifukwa opanga saitsegula m'mayiko onse, ndiponso ngati wotchiyo ikugwirizana ndi foni yomwe muli nayo. Ya Apple imafuna iPhone.

Za BP ndiye samalani kwambiri. Mawotchi a Samsung amene amayeza BP amafuna kuti muziwalinganiza ndi makina a pamkono masabata anayi aliwonse, kutanthauza kuti makina a pamkono muyenera kukhala nawo ndithu. Nanga aja a pa timatebulo ta m'mbali mwa msewu, olonjeza BP, shuga, mpweya ndi tulo pamtengo wa nkhuku ziwiri? Ndinagulapo imodzi mwachidwi. Nditaiveka pa chitsononkho cha chimanga, inaganiza pang'ono n'kundiuza kuti wodwalayo mtima wake uli bwino, BP 120/80. Tinaseka, koma taganizani munthu wa BP yokwera akuona nambala imeneyi m'mawa uliwonse n'kusiya mapiritsi. Pa shuga, bungwe la FDA la ku America linachenjeza mu February 2024 kuti anthu asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kuboola khungu, chifukwa silinavomereze ngakhale imodzi.

Palinso tinkhani tating'ono tomwe timasankha ngati wotchi idzavalidwa kapena idzagona m'dilowa. Lamba wa labala amasunga thukuta. Kwa ife lamba wansalu, wotsukidwa kawirikawiri, ndiye wabwino. Wotchi yapamwamba imafuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse, ndipo amene anakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, akukumbukira kuti maola ochepa a malaiti ankalimbiranidwa ndi foni, nyali ndi ayironi. Tizibangili tosavuta towerenga mapazi timatha sabata kapena kuposa. Ngati cholinga ndi kudzikakamiza kuyenda, timeneti n'tokwanira.

Kachipangizo ka pachala

Pulse oximeter, yoyeza mpweya wa m'magazi, ambiri tinaidziwa mu June ndi July 2021, Covid itavuta. Ndi yotsika mtengo, siimata, ndipo imathandiza pa chibayo kapena mphumu. Koma ili ndi chilema chomwe chikukhudza ifeyo makamaka. Imayeza powalitsa kuwala kudutsa m'chala, ndipo khungu lakuda litha kuinamiza. Mu December 2020 madokotala a University of Michigan anayerekeza manambala ake ndi magazi otengedwa mumtsempha. Pa miyeso imene kachipangizo kankanena kuti mpweya uli pakati pa 92 ndi 96, magazi anasonyeza mpweya wotsika moopsa pa miyeso 11.7 mwa 100 iliyonse ya odwala akuda, pamene ya azungu inali 3.6 yokha. Utoto wa m'zikhadabo ndi zala zozizira zimasokonezanso. Mwana kapena nkhalamba ikamapuma mobanika, khulupirirani maso anu kuposa nambala.

Kachigamba ka amalume

Kachigamba ka shuga, monga FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott, kamamatidwa kuseri kwa mkono ndipo kamakhala masiku 14. Kali ndi kaulusi kolowa pansi pa khungu, koyeza shuga m'madzi a pakati pa minofu, choncho nambala yake imatsalira m'mbuyo mwa ya m'magazi ndi mphindi zingapo. Ubwino wake ndi waukulu: mumaona chimene mbale ya nsima yachita pakatha ola, mumaona ngati shuga akutsika pakati pa usiku. Kwa mwana wa shuga wobaya insulin, kapena wamkulu amene amagwa mwadzidzidzi shuga atatsika, kachigamba aka kangapulumutse moyo.

Werengani ndalama musanayambe. Masiku 14 aliwonse kamafunika katsopano, ndiye kuti tizigamba 26 pachaka, ndipo mtengo wake umayenda ndi dola. Vuto la khungu liliponso: guluu wa tizigamba toyambirira anali ndi mankhwala otchedwa isobornyl acrylate omwe anatulutsa zidzolo zoopsa kwa anthu ena, ndipo m'chilimwe thukuta litha kukamatula masiku asanakwane. Apa ndi pamene nanofiber ingadzathandize kwambiri. Ena akuyesanso kuyeza shuga m'thukuta momwemo. Gulu la akatswiri a ku yunivesite ya ku Berkeley ku America linasonyeza chibangili chotero mu 2016. Chovuta n'chakuti shuga wa m'thukuta ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa m'magazi, ndipo amasintha malinga ndi kuchuluka kwa thukutalo, choncho palibe amene angayezere insulin pa nambala imeneyo.

Amalume amamwa mapiritsi, sabaya. Ndinawalangiza kamakina kobaya chala, ndi chenjezo limodzi: musayambe ndi kusankha makina, yambani ndi kufunsa kuti timapepala take timapezeka pa famase iti ya ku Chipata ndipo n'tingati. Nyumba zambiri zili ndi makina okongola otumizidwa ndi abale a kunja, ali gone chifukwa timapepala take kuno kulibe.

Makina a BP a pamkono

Tsopano ku chinthu chosasangalatsa m'maso, chomwe palibe amene amachijambula n'kuchiika pa Facebook. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse mu Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo matendawa amakhala zaka osapweteka mpaka tsiku la sitiroko. Mwa zonse zimene ndatchula, makina a pamkono ndiwo amayankha funso la anthu ambiri zedi.

Mlandu wa khungu amaupewa mochenjera: sakhala pathupi. Mphindi ziwiri, mwavula. Ambiri amagwiritsa ntchito mabatire wamba a AA, safuna foni, safuna mabandulo. Ndipo nambala yake ndi yomwe kiliniki imaidziwa. Kuchipatala malire ndi 140/90. Kunyumba, kumene munthu sakhala ndi mantha a yunifolomu yoyera kapena kutopa kwa pamzere, malire ndi 135/85.

Koma nawonso amanama mukawagwiritsa ntchito mosasamala, ndipo bodza lalikulu limachokera ku lamba. Amayi athu ambiri ali ndi mikono yodzadza, ndipo lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala. Yezani kuzungulira mkono ndi tepi ya telala musanapite kukagula. Kukula kwa lamba kumalembedwa pabokosi m'masentimita. Sankhani omanga kumtunda kwa chigongono, chifukwa omanga pomwe pamakhala wotchi amasintha nambala mkono ukangokwera kapena kutsika pang'ono. Si makina onse ogulitsidwa amene anayesedwa kulondola kwake. Pa intaneti pali mndandanda wa STRIDE BP wosonyeza oyesedwa, ndipo ndi bwino kufufuza nambala ya mtundu wa makinawo muli pa kauntala pomwepo. Kwa mayi woyembekezera, funani oyesedwa pa amayi apakati, chifukwa BP ya mimba ili ndi khalidwe lake. Makina a CRADLE, opangidwa mogwirizana ndi madokotala a King's College London ndipo anayesedwanso ku Lusaka ndi ku Ndola, amayatsa nyali yobiriwira, yachikasu kapena yofiira ngati maloboti a pamsewu, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga manambala adziwe nthawi yothamangira kuchipatala.

Kayezedwe ndi kumene ambiri timalakwitsa. Tayani kaye madzi. Khalani pampando wotsamira mphindi zisanu, mapazi onse pansi, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima, lamba pakhungu osati pa juzi. Musamwe khofi kapena kusuta theka la ola musanayeze. Musalankhule, ndipo lamulo limeneli ndi limene linawavuta kwambiri amayi, omwe amakumbukira nkhani zonse za kumpingo lamba akangoyamba kufufuma. Yezani kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, m'mawa musanamwe mankhwala ndi madzulo. Tsiku lopita ku kiliniki nyamulani makinawo kuti namwino ayerekeze ndi ake.

Chilema cha makina a pamkono n'choti saona zimene zikuchitika mukagona, ndipo saona mtima ukadumpha pakati pa usiku n'kubwerera m'malo mwake kusanache. Mpata umenewu ndi umene kansalu ka ku Tokyo kakufuna kutseka.

Ndani agule chiyani

Wa BP, wa m'banja la BP, kapena woyembekezera amene anachenjezedwa ku sikelo: makina a pamkono, a lamba wokwana. Wa shuga wa mapiritsi: kamakina kobaya chala komwe timapepala take tili pafupi. Wobaya insulin, makamaka mwana: kachigamba, ngati banja lingakwanitse chaka chonse osati miyezi iwiri, ndipo kamakina kobaya chala kakhalebe m'nyumba. Wa mtima wodumphadumpha: kwa dokotala kaye, Holter pambuyo, wotchi ya ECG ngati dokotalayo wavomera kuti aziwerenga zomwe yajambula. Wofuna kuchepetsa thupi: kachibangili kotsika mtengo, kapena foni yomwe ili kale m'thumba, poti nayonso imawerenga mapazi.

Kwathu tinagula makina a pamkono okhala ndi lamba wamkulu, pamodzi ndi kope la sukulu. Ndinalemba mizere: tsiku, m'mawa, madzulo. Sabata yoyamba amayi ankadandaula kuti ndawabwezera ku Giredi 1. Atapita ku kiliniki mwezi wotsatira, a clinical officer anatsegula kopelo, kutsatira manambala ndi cholembera, n'kuona kuti a m'mawa ndi okwera nthawi zonse pamene a madzulo ali bwino. Anasintha mankhwala awo a BP, n'kuwauza kuti abwere nalonso kopelo ulendo wina.

Wotchi ya ku Johannesburg amaivala popita ku Chigwirizano. Lamba wa labala tinamusintha ndi wansalu, ndipo mdzukulu wawo ndi amene amakumbukira kuitchaja. Mng'ono wanga akupitirizabe kutumiza zithunzi za ukonde wa golide. Ndinawaonetsa amayi chimodzi n'kuwalongosolera kuti chimamata ndi madzi okha, popanda guluu. Anachiyang'anitsitsa, magalasi ali pamphuno.

"Nanga posamba?" anafunsa. "Ukawafunse a ku Japan-wo ngati chingapirire mwala wotsukira kuphazi."